Kodi ndere za m'chipululu zingatipatse dizilo n'kuletsanso mchenga kuyenda?

Wina mwa owerenga walemba kalata ya pa imelo kufunsa ngati zili zoona kuti munthu angawete ndere zing'onozing'ono za m'dothi la m'chipululu, n'kupangira mafuta a galimoto, kwinaku akuletsa chipululu kukula. Zikomo pofunsa. Zonse ziwiri n'zotheka, koma ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo ndere zogwira imodzi sizichita bwino pa inayo.

Tiyambe ndi mchenga. Pamwamba pa dothi louma losapondedwa pamakhala kakhungu kodera, kokhuthala mamilimita ochepa chabe. Kakhunguko n'kamoyo. Amene amayamba kukaluka ndi tizamoyo totchedwa cyanobacteria, makamaka Microcoleus vaginatus, tooneka ngati ulusi ndipo timatulutsa zomata zimene zimagwirizanitsa mchenga. Kenaka pamabwera Nostoc ndi Scytonema, zomwe zimakoka nayitrojeni mumpweya n'kusiya chonde m'nthaka. Kukauma zimagona ngati zafa. Mvula ikangowaza zimadzuka.

Ku China ndiko apita nazo patali. Ku Shapotou, m'mphepete mwa chipululu cha Tengger, ankateteza njanji ya pakati pa Baotou ndi Lanzhou, yotsegulidwa mu 1958, pozika mapesi a tirigu mumchenga m'timabwalo ta mita imodzi mbali zonse. Mapesiwo amachepetsa mphamvu ya mphepo, koma kuti khungu limere lokha pamapita zaka 10 kapena kuposa. Masiku ano amaweta ndere m'maiwe n'kuzipopera pakati pa timabwaloto, ndipo khungu limagwira m'zaka zochepa.

Kachitidwe kake: tengani mbewu pakhungu la dera lomwelo, chifukwa ndere zochokera kwina zimatha kupsa ndi dzuwa lomwe sizinazolowere. Zichulukitseni m'madzi a chakudya chotchedwa BG-11, muzizoloweze kuuma ndi kunyowa mosinthanasintha, kenaka mupopere kukamayamba chinyezi ndipo muzithirira pang'onopang'ono masabata oyamba. Zolephereka zambiri zimachokera pa zinthu ziwiri. Mukapopera pamchenga womwe ukuyendabe, mphepo imazikwirira ndipo zimafa posowa kuwala. Chachiwiri ndi ziboda ndi matayala: mbuzi zikadutsa kangapo, ntchito ya zaka yapita.

Tsono mafuta, apa m'pamene malonjezo amachuluka kuposa zipatso. Ma cyanobacteria omanga khungu aja alibe mafuta ambiri. Mafuta ali mu ndere zobiriwira monga Chlorella ndi Scenedesmus, ndipo m'zipululu ziliponso. Chlorella ohadii ya m'chipululu cha Negev ku Israel imapirira dzuwa lomwe limapha zinzake. Zimawetedwa m'maiwe ozungulira akuya masentimita 20 mpaka 30, momwe gudumu lamapiko limatakasa madzi. Kilogalamu iliyonse ya ndere zouma imadya makilogalamu pafupifupi 1.8 a mpweya wa carbon dioxide, choncho mpweyawu uyenera kuchita kupoperedwa m'madzimo. Kuti zinone, mumazimana nayitrojeni masiku omaliza. Mafuta amatha kukwera kufika pa 30 peresenti kapena kuposa, koma pamenepo zimasiya kuswana. Simungapeze zonse ziwiri nthawi imodzi.

Tiwerengere limodzi. Dziwe lotseguka limapereka pafupifupi theka la galamu ya ndere zouma pa lita imodzi ya madzi. Ngati mafuta ali 30 peresenti, lita imodzi ya mafuta ikufuna makilogalamu atatu a ndere zouma, kutanthauza kusefa malita 6,000 a madzi. Kusefa ndi kuumitsa kumeneku kumadya magetsi ambiri. Onjezani nthunzi: tsiku lotentha dziwe limatha kuphwa sentimita imodzi, omwe ndi malita 100,000 pa hekitala, m'dera lomwe madzi ndiwo osowa. Mukagwiritsa madzi amchere apansi, mcherewo umachulukirachulukira. Fumbi limagweramo, ndipo tizilombo totchedwa rotifer titalowa tingamalize dziwe lonse m'masiku ochepa.

Gawo lomaliza ndilo losavuta. Mafuta amasakanizidwa ndi mankhwala otchedwa methanol komanso sodium hydroxide wokwana 1 peresenti ya kulemera kwa mafutawo, n'kutenthetsa pa madigiri 60 kwa ola limodzi. Zotsalira zotchedwa glycerol zimadikha pansi, dizilo n'kuyandama. Mukatsala madzi m'mafutamo mudzapeza sopo.

Boma la America linayesa kupanga mafuta kuchokera ku ndere kuyambira 1978 mpaka 1996, ndi maiwe ku Roswell, New Mexico, n'kusiya chifukwa petulo anali wotsika mtengo kwambiri. Kampani ya mafuta ya ExxonMobil nayo inalowamo mu 2009 ndipo pofika 2023 inali itachoka. Ngati muli ndi dziwe limodzi lokha, wetanimo ndere zopopera pamchenga: sizifuna kuumitsa kapena kufinya, mumangozitunga ndi madzi ake omwe. Ndalama zotsala mugulire waya wotchingira ziweto.