Mabanzi a Sinamoni Akuuma Msanga

Funso: Ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Loweruka ndimaphika mabanzi opiringiza a sinamoni, koma pofika Lolemba amakhala atauma gwa. Mnzanga akuti ndizithira mbatatesi mu fulawa. Kodi sadzamveka kukoma kwa mbatatesi?

Yankho: Achemwali, mnzanuyo wakuuzani zoona, ndipo mbatatesi simveka n'komwe. Mbatatesi yowiritsa imasunga madzi, choncho banzi limakhalabe lofewa masiku awiri kapena atatu.

Ine pa makapu 4 a fulawa ndimathira kapu imodzi ya mbatatesi. Ndimainyenya ikadali yotentha mpaka mibulu yonse ithe, ngati mmene timachitira ndi nsima, kenako ndimaidikira izizire. Apa musapupulume, chifukwa yotentha imapha yisiti. Madzi owiritsirawo musataye, kandirani omwewo. Fulawayo azimata m'manja, koma musaonjezere wambiri. Ambiri amalakwitsa pomwepa.

Kumbukiraninso kuti Johannesburg ali pamtunda, mamita opitirira 1,700. Zofufumitsa zimafufuma msanga kuno ndipo mpweya ndi wouma, makamaka mu Juni. Vindikirani beseni ndi nsalu yonyowa. Mu uvuni wa madigiri 180, mphindi 20 mpaka 25 zakwana.