Gnuplot ikudya manambala anga: yankho kwa m'bale wa ku Rosettenville

M'bale wina wa ku Rosettenville, ku Johannesburg, watumiza imelo. Amalemba mayunitsi a magetsi a prepaid amene banja lake lagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo akufuna kuona pa gnuplot, pulogalamu ya pakompyuta yojambula magalafu, mmene hita ikuwadyera mu Juni ndi Julayi. Fayilo yochokera ku Excel ili ndi mizere yotere: 2024-06-01;12,5. Akuti galafu siituluka, ndipo ikatuluka manambala ake ndi olakwika.

Achimwene, vuto lili mufayilomo. Gnuplot imayembekeza kuti manambala alekanitsidwa ndi mpata, pomwe anu alekanitsidwa ndi ;. Iuzeni:

set datafile separator ";"

Chachiwiri ndicho choopsa, chifukwa sichidandaula n'komwe. Kuno ku South Africa makompyuta ambiri amalemba 12,5 m'malo mwa 12.5. Gnuplot ikafika pa koma imaima, n'kuwerenga 12 basi. Galafu imaoneka bwinobwino, koma manambala a pambuyo pa koma apita, mzere uliwonse. Konzani fayiloyo musanayambe, ndi lamulo ili la sed losintha koma aliyense kukhala dontho (limalembedwa pa terminal, osati mu gnuplot):

sed 's/,/./g' magetsi.csv > magetsi2.csv

Kenako madeti. Popanda kuiuza, pa 2024-06-01 gnuplot imangoona 2024, masiku onse n'kuunjikana pamalo amodzi.

set xdata time
set timefmt "%Y-%m-%d"
set format x "%d/%m"
plot "magetsi2.csv" using 1:2 with linespoints

Musasiye using 1:2, pa madeti n'kofunika. Ngati mzere woyamba ndi mitu, ikani # patsogolo pake. Mukafuna chithunzi chotumiza pa WhatsApp, lembani set terminal pngcairo size 800,600 ndi set output "magetsi.png" musanalembe plot, osati pambuyo.

Mwafunsanso za kujambula masamu a mwana wanu pa gnuplot. Misampha ndi itatu. Mphamvu ya nambala, monga x kuchulukitsa ndi x, imalembedwa x**2, osati x^2. Ndipo plot 1/2*x imapereka mzere wogona pa ziro, chifukwa pogawa manambala athunthu gnuplot imataya zotsala, ndiye 1/2 ndi 0. Lembani 1.0/2. Mzere wa sin(50*x) ukaoneka wokhotakhota ngati mano a sowo, n'chifukwa imawerengera malo 100 okha, choncho set samples 1000 imakonza.

Kumbukirani kulemba reset kaye musanayambe masamuwo, apo ayi x idzakhalabe madeti. Zenera likamatsekeka lokha mukayendetsa fayilo ya malamulo, gwiritsani ntchito gnuplot -p.