Kodi kompyuta ya kuntchito ikundizonda?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo yodandaula. Akuti pa laputopu ya kuntchito Chrome ikulemba kuti "Managed by your organization", laputopuyo ikukana kuikamo pulogalamu yatsopano, ndipo fulashi akailowetsa siikuoneka. Funso lawo ndi lakuti kodi mabwana akuwazonda?

Zikomo polemba. Zomwe mukuonazi ndi malamulo omwe a IT amaika pamalo amodzi n'kufalikira m'makompyuta onse a kampani. Pa Windows chida chodziwika ndi Group Policy, chomwe chinabwera ndi Windows 2000. Kompyuta yanu imafunsa seva (kompyuta yaikulu ya kampani) pafupifupi mphindi 90 zilizonse ngati pali lamulo latsopano, n'chifukwa chake mukasintha kanthu m'mawa, pofika masana kamabwerera mwakale. Makampani ambiri masiku ano amagwiritsanso ntchito Intune, chida china cha Microsoft chomwe chimafikira laputopu ngakhale muli nayo kunyumba.

Ine kutseka kumeneku ndimagwirizana nako ndi mtima wonse. Mu March 2017 Microsoft inatulutsa chigamba (update) chotseka bowo lina la mu Windows. Patangotha miyezi iwiri, pulogalamu yoononga yotchedwa WannaCry inalowera pa bowo lomwelo m'makompyuta omwe anali asanaikidwe chigambacho, moti zipatala za boma (NHS) ku Britain zinabweza odwala masauzande ambiri. Nkhani yotere simungaisiye m'manja mwa wantchito aliyense payekha, poti aliyense amadina "Remind me later" ntchito ikamupanikiza.

Koma nkhawa yanu si yachabe. Group Policy payokha siwerenga mauthenga anu. Komabe njira yomweyo ingagwiritsidwe ntchito kuika satifiketi ya kampani (kafayilo kouza kompyuta kuti izikhulupirira zipangizo za kampaniyo) mu kompyuta yanu, ndipo zikatero, chipangizo chomwe intaneti ya mu ofesi imadutsiramo chitha kutsegula ngakhale masamba otetezedwa a HTTPS. Apa mpamene ndimadandaula ndi makampani ena: amachita izi osawauza antchito. Munthu akuyenera kudziwa zomwe abwana ake angathe kuona.

Ndiye lembani chrome://policy pamwamba pa Chrome, muona malamulo onse a Chrome omwe anakuikirani. Lembaninso chrome://management, muone ngati pali zomwe Chrome ikutumiza kwa a IT. Kenako apempheni mwaulemu chikalata cha malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta. Za kubanki, za kuchipatala ndi WhatsApp ya kubanja muzichitira pa foni yanu, ndi bandulo yanu.