Ndisiye uinjiniya kuti ndigwirizane ndi gulu?

Mchemwali wina wa ku Area 25, yemwe anaphunzira uinjiniya wa zaulimi ku Bunda, wandilembera imelo. Ali m'gulu lofufuza kapangidwe ka choumitsira masamba ndi tomato pogwiritsa ntchito dzuwa. M'gululo mulinso katswiri wa kadyedwe, wa zachuma, ndi wina wa za chikhalidwe cha anthu. Funso lake ndi ili: "Pamisonkhano amati aliyense asamakakamire phunziro lake, tiziganiza limodzi. Ndiye ndisiye kuzama mu uinjiniya, ndizingodziwako pang'ono za aliyense?"

Achemwali, musasiye. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma onse mukathamangira ngodya imodzi dengalo limagwera kumene kulibe munthu. Ngodya yanu ndi uinjiniya.

Taonani makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku osakwana kupuma. Anapangidwa ndi a yunivesite ya Rice ya ku America mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mpweya wake umakankhidwa ndi timapampu tofanana ndi timene amaika m'matanki oweteramo nsomba m'nyumba, ndipo mphamvu yake imayezedwa ndi kuya kwa paipi m'botolo la madzi. Zooneka zophweka. Koma panafunika injiniya wodziwa ngati kapampuko kangagwire usana ndi usiku osafooka, dokotala wa ana wodziwa mphamvu ya mpweya yomwe mapapo a khanda angapirire, komanso namwino wodziwa zimene zimachitika mu wodi pakati pausiku akatsala yekha ndi makanda ambiri. Kafukufuku yemwe Dr Kondwani Kawaza ndi anzake anasindikiza mu 2014 anapeza kuti mwa makanda ovutika kupuma omwe anaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 anapulumuka, pomwe mwa omwe anangolandira okosijeni anapulumuka 44 pa 100. Opanga makinawo akanakhala onse odziwako pang'ono za chilichonse, ndani akanaletsa anzake pomwe akulakwitsa?

Kuno kwathu ku chipatala cha Kamuzu Central, a bungwe la Baobab Health ataika makompyuta ongodina pagalasi, anaganizanso zosindikiza timapepala tomata m'kabuku ka kuchipatala, poti wodwala amayenda ndi kabukuko. Nzeru imeneyo imafuna wodziwa kompyuta ndi wodziwa mzere wa pachipatala, aliyense wozama mbali yake.

Pa choumitsira chanucho, wa kadyedwe adzati kutentha kwambiri kumawononga vitamini C. Wa zachikhalidwe adzakumbutsa kuti amayi akhala akufutsa nkhwani ndi khwanya kuyambira kale, kuyanika mfutso pamphasa osalipira kanthu, ndiye chipangizo chanu chiwapatse chifukwa chosiyira mphasayo. Wa zachuma adzafunsa ngati wogulitsa tomato pa Mitundu angachikwanitse. Onsewo akunena zoona. Koma palibe mwa iwo angawerengere kukula kwa bowo lotulutsira mpweya wonyowa, kapena kuona kuti pulasitiki yotchipa yomwe asankha idzang'ambika ndi dzuwa la Okutobala. Inu mukakhala chete poopa kutchedwa wokakamira, tomato adzachita nkhungu m'kati, ndipo mlandu udzakhala wa uinjiniya womwewo.

Chomwe amakupemphani mwina n'china, kungoti sachinena bwino. Muzifotokoza masamu anu m'chilankhulo chomwe wa zachuma angatsutse. Musangoti "sizitheka", nenani kuti mukachepetsa kutentha kuti vitamini asawonongeke, masamba achedwa kuuma, ndiye gulu lisankhe lokha chomwe lilolera kutaya. Za anzanuwo phunziraniko zokwanira kuti mufunse funso lanzeru, osati kuti muwalande ntchito.

Ndipo wa zachikhalidwe akamapita kumudzi kukacheza ndi amayi, kwerani nawo galimotoyo. Tengani choyezera kutentha, mukayeze pamphasa pomwe mfutso ukuuma masana, kuti mudziwe nambala yomwe choumitsira chanu chiyenera kuiposa.