Kodi konvenshoni imamukwezadi munthu pa kafukufuku?

Achimwene, mwafunsa ngati msonkhano waukulu wa chipani umawonjezera anthu omufuna wopikisana pa upulezidenti. Ku America umawonjezeradi, koma kawirikawiri ndi moto wa mapesi. Kwa masiku anayi amangooneka iye pa TV, ndipo a chipani amene ananyanyala amabwerera.

Mu 1992 Bill Clinton anakwera ndi mapointi 16 pa kafukufuku wa maganizo a ovota wa bungwe la Gallup, ngakhale zinamuthandizanso kuti Ross Perot, wopikisana woima payekha, anasiya mpikisano sabata yomweyo. Michael Dukakis mu 1988 anatsogola ndi mapointi 17 konvenshoni itangotha, koma George Bush wamkulu anamugwetsa ndithu pa chisankho. John Kerry mu 2004 sanakwere n'komwe.

Zakuno ku Harare musaziyeze ndi muyeso umenewu. Kongiresi (konvenshoni) ya chipani cha ZANU-PF inali mu Okutobala 2022, mavoti mu Ogasiti 2023. Miyezi khumi imeneyo anthu a ku Mbare, dera la mu Harare, anali akukamba kale za mtengo wa ufa.