Alendo a pa 25 Juni: mbuzi, masau ndi ndiwo za nyengo yake

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anakulira ku Ulongué, kumapiri a ku Angónia, koma panopa ali pabanja mumzinda wa Tete, cha ku Matundo. Nkhani yawo ndi iyi. Apongozi awo ndi alamu angapo akubwera kuchokera ku Angónia kudzacheza pa tchuthi cha 25 Juni, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la Mozambique. Amuna awo alonjeza kupha mbuzi. Koma mayiwa akuti nthawi zonse akaotcha nyama ya mbuzi imauma gwa, kadimba kawo ka kuseri kwa nyumba katsala ndi mpiru ndi matimati basi, ndipo zipatso zimene anazolowera kwawo, monga masuku, kuno sakuziona. Funso lawo ndi lakuti: kodi ndingokagula zam'sitolo kuti ndisachite manyazi pamaso pa apongozi?

Achemwali, ndalama zanuzo musungire mchere, mafuta ndi makala. Mwezi wa Juni ku Tete si wa njala ya ndiwo ayi. Chimene chikukuvutani n'chakuti maso anu adakali kumapiri, pomwe miphika yanu ili kuchigwa. Chigawo chathu chino cha Tete chili ngati nyumba ya makhitchini awiri. Kumtunda, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumazizira, mvula imagwa yokwanira, ndipo n'kwawo kwa mbatatesi, nyemba, kabichi ndi mapichesi. Kumunsi, m'mbali mwa Zambezi, ku Changara, Marara, Cahora Bassa ndi Mágoè, ndi dziko la dzuwa, la milambe, misau, nsomba ndi mbuzi. Inu mwakhala pakati pa ziwirizi, ndipo alendo anu akuchokera ku khitchini inayo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Apatseni apongozi za kuchigwa zimene kwawo sazidya kawirikawiri.

Tiyambe ndi mbuziyo, poti ndiyo yakusowetsani tulo. Mbuzi ya kuno si ya masewera. Dzina loti Cabrito de Tete, kutanthauza mbuzi ya ku Tete, linalembetsedwa mwalamulo ngati chizindikiro cha dera limene nyamayo imachokera, loyamba la mtundu wotero m'Mozambique muno, ndipo chifukwa chake n'chimene agogo athu ankachidziwa kale: mbuzi zimenezi zimadzidyera kutchire, zimatola masau ndi malambe ogwa pansi, ndiye nyama yake imakhala ndi kakomedwe kakekake. Koma mbuzi yoyenda mtunda wautali tsiku lililonse imakhala ya mnofu wolimba ndi mafuta ochepa. Mukaiponya pa moto wa malawi ngati nyama ya nkhumba, imauma musanatembenuze n'komwe.

Choyamba auzeni bambo a kunyumba asakagule tonde wamkulu poona kuti ndiye wa nyama yambiri. Tonde amanunkha, ndipo nyama yake ndi ya mumphika. Afune kambuzi kakang'ono, kosakwana chaka, kapena mbuzi yofula. Iphedwe madzulo a pa 24, nyama igone usiku m'firiji. Nyama yongophedwa kumene imayamba yakungika, kenaka imamasuka pakapita maola angapo. Anthu ambiri amaotcha idakali yokungika, n'kumanamizira mbuzi.

Chachiwiri, si chiwalo chilichonse chimene chimafuna moto. Nthiti, msana ndi mnofu wa pantchafu ndizo zootcha. Khosi, miyendo ya kutsogolo ndi zamafupa zina zilowe mumphika ndi anyezi, matimati ndi adyo, zibwate pang'onopang'ono mpaka nyama iyambe kulekana ndi fupa. Pamenepo mwapeza msuzi wodyera nsima, chifukwa apongozi a ku Angónia simungawaikire nyama youma ndi nsima popanda potowa.

Zootchazo muziduladula mopingasa mnofu, zidutswa zokula ngati theka la chikhatho. Sinjani adyo, mchere ndi tsabola wa kambuzi mu kamtondo, finyiranimo mandimu awiri kapena atatu, thirani mafuta ophikira pang'ono, n'kupaka nyama yonse ndi manja. Mafutawo musawasiye, ndi amene akulowa m'malo mwa mafuta amene mbuzi ilibe. Ngati mukuona kuti mbuziyo inali yokulirapo, thyolani masamba a papaya, muwafinyefinye m'manja kuti utomoni utuluke, mukulungemo nyama kwa ola limodzi kapena awiri. Utomoni wa papaya umafewetsa mnofu. Musapitirire pamenepo, chifukwa ikakhalitsamo imachita phalaphala ndipo imayamba kuwawa. Ine ndinaphunzira izi kwa azakhali anga, ndipo mpaka lero sindinapeze mankhwala a m'botolo oposa tsamba limenelo.

Tsono moto. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, ndipo ndikukupemphani muleze mtima. Yatsani makala msanga, muwasiye mpaka malawi onse athe, makala ayere ndi phulusa pamwamba. Kankhirani makala ambiri mbali imodzi ya mbaula, mbali inayo kukhale ochepa. Nyama iyambire kotentha kwambiri kuti ifiire kunja, kenaka muisunthire kofatsa kuti ipse mpaka m'kati. Muzitembenuza pafupipafupi, n'kumaipaka zotsala za tsabola ndi mafuta zija kufikira itatsala pang'ono kupsa, koma kupaka komaliza kukhale moto usanathe ntchito yake, chifukwa madzi amenewo anakhudza nyama yaiwisi. Mafuta akadonthera n'kubutsa lawi, chotsani nyama kaye, lawi lizime. Ikapsa muiike mu mbale, muvundikire, ikhale kanthawi kochepa musanagawe. Mukaidula pompo madzi ake onse amathera pa thabwa. Ndipo mbaula ikhale panja. Ndikudziwa kuti m'mawa wa Juni kumachita kamphepo, koma makala oyaka m'nyumba yotseka amapha anthu mwakachetechete.

Zam'kati musataye, musapatsenso ana ongodutsa. Chiwindi chiotchedwe choyamba, mwachangu, chikhale cholandirira amuna pamene akudikira. Chifu ndi matumbo muzitsuke bwino ndi madzi ambiri, muzenge matumbo pa tizidutswa ta chifu, muphike pazokha ndi tsabola. Kwathu mbale imeneyi imapita kwa akuluakulu, ndipo apongozi aamuna akaiona adzadziwa kuti mwana wawo anakwatira kwa anthu.

Za ndiwo zamasamba musadandaule. Mpiru ndi matimati muli nazozo ndiye ndiwo za nyengo ino. Miyezi yozizira ndi imene madimba a m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè amabereka bwino repu, kabichi, anyezi ndi matimati, dzuwa la Okutobala lisanafike, lija limapitirira madigiri 40. Mpiru wotendera ndi nsinjiro umayenda bwino kwambiri ndi nyama yootcha, chifukwa kuwawirako kwake kumatsitsa mafuta. Dulaninso matimati ndi anyezi zaziwisi, muwaze mchere ndi mandimu, muike pambali. Mukapita ku msika wa Kwachena mugule chicoa pang'ono, nsomba youma ya mchere ija ya ku nyanja ya Cahora Bassa. Muiviike m'madzi kuti mchere utsike, muiphike tsiku lachiwiri. Alendo sabwera kudzadya tsiku limodzi, ndipo mbuzi ikadyedwa kawiri motsatizana anthu amayamba kufuna china.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mupemphe kuchokera kumtunda, ndicho mfutso. Munthu wa ku Angónia sakwera chapa, minibasi ija, chimanjamanja, adzabwera ndi mbatatesi ndi nyemba ndithu, koma mfutso sangauganizire poyesa kuti anthu a m'tauni amaunyoza. Tumani mlamu wanu wamkazi awanong'oneze amayi. Mfutso wa nkhwani, khwanya kapena chitambe, wofutsidwa mu Malichi ndi Epulo masamba adakali anthete, wouma pa mphasa n'kumangidwa mu chikwatu cha masamba a msuku, mu Juni umakhala pachimake. Muuviike m'madzi ofunda, muutsuke kawiri kuchotsa mchenga, muphike mpaka ufewe, kenaka matimati, mchere ndi nsinjiro pamapeto. Ndipo apongozi akakhala pafupi, afunseni akuonetseni mmene iwo amatenderera. Palibe mayi amene sakondwa mpongozi wake akamufunsa za mphika.

Tifike ku zipatso. Masuku mukuwasowawo si kuti athawa, nthawi yake sinakwane. Amapsa kumapiri mvula ikamayamba, cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo mumzinda wa Tete mitengo yake simungaipeze chifukwa msuku ndi mtengo wa nkhalango za kumtunda. Koma taonani m'mbali mwa msewu panopa: mabeseni a masau ali mbwee. Anzathu olankhula Chipwitikizi amati maçanica. Nyengo yake ndi ino yozizira, kufikira cha mu Ogasiti. Sankhani ofiirira, olimba, opanda timabowo ta mphutsi, muwatsuke, muike m'lichero pakhonde kuti alendo azitola pocheza. Ena muyanike padzuwa mpaka akwinyike, apongozi adzanyamule pobwerera, chifukwa masau ouma amakhala miyezi osawonongeka.

Ndili ndi kanjira kanga kamene ndimakakonda. Ndimawiritsa masau odzaza manja awiri m'madzi pang'ono mpaka aphwanyike, ndimasefa kuchotsa nthangala ndi makoko, n'kubwezera pamoto ndi shuga pang'ono, mchere ndi tsabola mmodzi wa kambuzi, mpaka zilimbe ngati phala la mwana. Zimenezi ndimapaka pa nthiti zikatsala pang'ono kuchoka pamoto. Mukapaka koyambirira shuga amapserera n'kuda bii. Mbuzi inakula ikudya masau, ndiye zikakumananso pa mbale zimagwirizana modabwitsa.

Malambe nawo ali ponseponse miyezi ino. Swani, muviike ufa wake ndi nthangala zomwe m'madzi ofunda kwa ola limodzi, mutikite ndi manja oyera, musefe. Mukathira shuga ndi madzi ozizira mwapeza chakumwa cha ana ndi onse osamwa mowa, ndipo simufunikanso makireti a zakumwa za m'botolo. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, amene amachepa akawira pamoto, choncho ngati mukuphikira ana phala la m'mawa, muthire madzi a malambewo phala litaphulidwa kale. Madzi ake akhale owiritsa n'kuzizira kapena othira mankhwala, makamaka poti pali ana.

Munafunsanso mwachidule za bowa. Ameneyo ndi wa dzinja, Disembala mpaka Febuluwale, ndipo ngakhale nthawiyo muzigula kwa amayi odziwa kuzula, osatola nokha amene simukumudziwa. Ngati apongozi ali ndi bowa wouma wa chaka chino, alowe m'thumba limodzi ndi mfutso uja.

Pa tsikulo dzukani m'mamawa, muyambe ndi mphika wa zamafupa ndi wa zam'kati, chifukwa ndiyo yochedwa. Masamba aphikidwe dzuwa litakwera. Makala ayatsidwe ola limodzi anthu asanadye, ndipo ntchito yotembenuza nyama muwasiyire bambo ndi alamu anu, inu mutawauza kuti malawi ayi. Nsima ikhale yomaliza, ya ufa woyera, ifike pamphasa ikufuka nthunzi. Madzi osamba m'manja ayambire kwa apongozi aamuna, ndipo mbale ya zam'kati ija muipereke nokha, mutagwada.