Zoyera zokangamira m'ketulo: yankho kwa mayi a ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Chilomoni. Akuti mipopi ikauma amakatunga madzi pamjigo, ndipo akawiritsa madziwo kwa masabata angapo, pansi pa ketulo pamakangamira zoyera zolimba ngati nkhoko za nsima. Apongozi awo akuti ndi poizoni wobwera chifukwa chowiritsa, choncho akufuna kuti pakhomopo asiye kuwiritsa madzi akumwa. Mayiwa akufunsa kuti zoyerazo n'chiyani, nanga zingadwalitse ana?

Mayi, chonde musasiye kuwiritsa madzi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a mu Blantyre tinaiona ndi maso athu. Zoyerazo si poizoni. Dzina lake ndi calcium carbonate, ndipo n'chinthu chomwechi chimene chimapanga chigoba cha dzira, chigoba cha nkhono komanso mwala umene amawotcha popanga laimu. Ngakhale bungwe la WHO silinaike malire a zaumoyo pa kuchuluka kwake m'madzi akumwa, poti silinapeze kuti mlingo umene umapezeka m'madzi umavulaza munthu.

Mmene zimafikira m'ketulo ndi motere. Madzi a mvula akamalowa pansi amatenga mpweya wa carbon dioxide m'dothi, n'kukhala ndi kaasidi pang'ono kamene kamasungunula calcium wa m'miyala. Madzi a pamjigo amatuluka naye ameneyu ali mbee, osaoneka. Mukawaika pamoto, mpweya uja umathawa, ndipo calcium carbonate sangathenso kukhala wosungunuka. Shuga amasungunuka bwino m'madzi otentha, koma uyu ndi wosiyana: madzi akamatentha m'pamene amafulumira kugwirana n'kukhala mwala. N'chifukwa chake amayambira pansi pa ketulo, pamene pamatentha kwambiri.

Pamene pamandikoka mtima ine ndi pa kagwiranidwe kameneka, chifukwa akatswiri akhala akulimbana napo kwa zaka zoposa 100. Chinthu chimatchedwa crystal ngati tizigawo take tosaoneka ndi maso tasanjikizana mwa ndondomeko imodzi yobwerezabwereza, monga mmene mmisiri amasanjira njerwa pakhoma. Njerwa za calcium carbonate zimatha kusanjidwa m'njira zitatu. Pali calcite, wokhazikika kuposa onse. Pali aragonite, amene dzina lake linachokera ku Molina de Aragón ku Spain. Pa maikulosikopu amaoneka ngati timasingano, ndipo amakonda madzi otentha kapena okhala ndi magnesium wambiri. Wachitatu ndi vaterite, amene sachedwa kusanduka mmodzi wa awiriwo. Nkhoko ya m'ketulo mwanu nthawi zambiri imakhala calcite ndi aragonite zosakanizana.

Kale anthu ankaganiza kuti njerwazo zimangobwera imodziimodzi n'kukhala pamalo pake. Koma mu 1897 Wilhelm Ostwald ananena kuti chinthu chikamauma kuchokera m'madzi, chimayamba chadzera m'maonekedwe osakhazikika chisanafike pokhazikika. Patatha zaka 100, mu 1997, gulu la Lia Addadi ndi Steve Weiner ku Weizmann Institute ku Israel linapeza kuti ana a kanyama ka m'nyanja yamchere kotchedwa sea urchin amayamba aunjika calcium carbonate wopanda ndondomeko, ngati dothi loponda, kenako n'kumusandutsa calcite. Mu 2008 Denis Gebauer, Antje Völkel ndi Helmut Cölfen ku Germany anaonjeza kuti ngakhale m'madzi oyera momwemo, tizigawoti timakhala titagwirana kale m'timagulu mwala usanayambe n'komwe. Za timagulu timeneti akatswiri akutsutsanabe mpaka lero.

Kafukufukuyu akutithandiza kumvetsa chinthu chimene mwachiona nokha. Nkhoko ya m'ketulo mukaikanda ndi supuni imanyenyeka ngati ufa, chonsecho chigoba cha nkhono chimalimba. Kusiyana kwake n'kwakuti m'ketulo mulibe woyang'anira ntchito. Nyama imaika timapuloteni pang'ono timene timalamula pamene crystal iyambire, mbali imene ikulire ndi pamene ilekezere. Nkhuku yanu imamaliza chigoba cha dzira m'maola pafupifupi 20, popanda ng'anjo, pamene ife timawotcha mwala pa madigiri pafupifupi 900 kuti tipeze laimu. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona phindu lenileni la sayansi imeneyi, chifukwa kupanga simenti, kumene kumafunanso kuwotcha mwala womwewu, kumatulutsa carbon dioxide wochuluka zedi, ndipo amene adzaphunzire bwino luso la nkhono adzasintha kamangidwe ka nyumba.

Mwala umenewu kuno kwathu tili nawo. Wa ku Changalume ku Zomba unadyetsa fakitale ya simenti ya mu Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo ku Balaka anthu akuwotchabe laimu. Chilumba cha Chisi cha m'nyanja ya Chilwa n'chodziwika kwa akatswiri a miyala padziko lonse: Frank Dixey ndi anzake atalemba za malowa mu 1937, zinaoneka kuti calcite wa kumeneko anatuluka pansi ali chiphalaphala chamoto, mtundu wa mwala wotchedwa carbonatite. Kangankunde wa ku Balaka ndi phiri la Songwe ku Phalombe, kumene kukukambidwa za migodi ya zitsulo zamtengo wapatali zotchedwa rare earth, ndi miyala ya mtundu womwewo.

Tsono za ketulo ija. Thiranimo viniga ndi madzi theka ndi theka, kapena finyiranimo mandimu angapo, mutenthetse pang'ono n'kusiya kwa ola limodzi. Mudzaona thovu likutuluka, umenewo ndi carbon dioxide uja. Tsukuluzani bwino. Musamaleke nkhokoyo ikule, chifukwa imatchinga moto ndipo imakudyerani makala kapena mayunitsi a magetsi.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Ngati ana a m'dera lanu mano awo akuchita mawanga abulauni, vuto likhoza kukhala mchere wina wotchedwa fluoride wa m'madzi a mjigowo, ndipo ameneyo kuwiritsa sikumuchotsa. Zikatero uzani a HSA kuti madziwo akayezedwe. Apongozi anuwo muwaitane tsiku lotsuka ketulo, muike kachigoba ka dzira m'kapu ina ya viniga pambali, aone zonse ziwiri zikuchita thovu mofanana.